Mchenga m'thonje la Abiti Jafali

Esnati ndi Tadala, ana anga, ndikulemba izi m'kope lotsala la Esnati chifukwa adokotala anena kuti fumbi la thonje ndisalipumenso, ndiye ntchito ndapuma ndisanakalambe. Sukulu ndinalekera Sitandade 7, mukapeza polakwika muzingopitirira. Za ubwana wanga mudzafunsa anganga anu. Ine ndiyambira pa tsiku limene ndinalowa ntchito.

Ulongwe, chaka chimene Esnati anasiya kuyamwa

Kampani yogula thonje inkatsegula misika yake mwezi wa Meyi n'kutseka thonje likatha m'midzi. Pa msika uliwonse pankakhala kalaliki amene anali bwana wa pamalopo, woyeza pa sikelo, amuna osenza, ndi munthu mmodzi wopisa. Ine ndinalembedwa wopisa. Ntchito yake inali yakuti mlimi akatula thumba lake, lisanakwere pa sikelo, ndinkalimasula n'kulowetsa mkono mpaka m'phewa, pakati ndi m'mbali momwe, kuti ndimve ngati muli china choonjezera kulemera. Alimi ankandiseka kuti m'boma lonse ndine ndekha wopisa m'matumba a anthu masanasana apolisi osandigwira.

Bwana wanga woyamba anali a Namakhwa, Mlomwe mnzathu, munthu wamkulu wosakonda kukweza mawu. Ndiwo anaphunzitsa dzanja langa. Anati thonje lowazidwa madzi limafunda kunja koma pakati limazizira, mchenga sumveka m'chikhatho koma umalowa m'zikhadabo, ndipo miyala amaika ndi munthu amene wayamba kumene. Anandiuzanso chifukwa chake kampani imakana zimenezi. Thonje lonyowa likaunjikidwa limatentha n'kuola, nthawi zina mpaka kufuka utsi, pamene mchenga umadya mano a makina kufakitale. Ndikapeza thumba lotere ndinkangowayang'ana, iwo n'kumuitanira mwini wake pambali n'kumuuza kuti thonje lake silinaume, akaliyanike abwere nalo mkuja. Munthu ankasenza n'kupita, pamzere palibe wodziwa chimene chachitika.

Kusowa kunali kosatha. Ziguduli zinkatha, lole inkatha sabata osabwera, tsiku lina sikelo inaduka ngowe tinakabwereka ya wogulitsa nyama. Masiku amene ntchito inkaima tinkakhala pansi pa shedi tikudya chinangwa, ndipo a Namakhwa ankakonda kundifunsa kuti ndiwatchulire anthu amene tawabweza sabata imeneyo. Ndikatchula, ankati ndione bwino. Panalibe mayi wa kathumba kamodzi uja woyenda wopanda nsapato. Amene tinkawabweza anali bambo amene mng'ono wake wangofolera nyumba ndi malata, mkamwini amene apongozi ake amamuyerekeza ndi mnzake wobwera ndi njinga yamoto kuchokera ku Joni, mayi amene mwana wake akutuluka ku simba la chinamwali ndipo mudzi wonse ukudikira kuona chimene amuveka. Iwo ankati mudzi umauza munthu aliyense chimene ayenera kukhala nacho kuti awerengedwe, koma munda supereka mofanana, ndiye wina akafika pakati pamenepo amatola mchenga. Ine nthawi imeneyo ndinkangoti ndi nkhani za akuluakulu zodikirira lole. Ndinkaganiza kuti wakuba ndi wakuba, ndipo wina akaba ndiye kuti ali ndi njala.

Ku Ulongwe ndinagwira nyengo zinayi. A Namakhwa atapuma ntchito anandisiyira kampando kawo kamatabwa.

Nayuchi, nyengo imodzi

Kumeneku thonje linali lochepa, ndipo lambiri linkaoloka malire usana tikuona, chifukwa ogula a tsidya lina sankapisa dzanja m'thumba la munthu. Masiku ena ndinkapisa matumba asanu okha, kotsalako n'kumayang'ana sitima. Chaka chimenecho ndi chimene abambo anu ananyamuka kupita ku Joni opanda mapepala. M'nyumba chakudya chinalimo, sindinama. Koma anzawo atatu amene anakula nawo anali atabwerako ndi njinga zamoto, ndipo pa maliro anthu anayamba kuwatuma abambo anu kokatema nkhuni pamene anzawo aja akukhala pa mipando. Anandiuza kuti abwera ikatha miyezi isanu ndi umodzi. Ndinali ndi pakati pa iwe Tadala. Anaimba foni kawiri, kenako nambala inasiya kugwira. Kuyambira pamenepo chimene chinkatidyetsa ndi mkono wangawu basi, ndiye muzikumbukira zimenezi pamene mukuwerenga zotsatirazi.

Ngokwe, Tadala ali ndi miyezi isanu ndi iwiri

Iwe Esnati ndinakusiya kwa anganga ako ku Balaka chifukwa cha sukulu. Ine ndi Tadala tinapeza chipinda kuseri kwa mzikiti, pa khomo la mayi wina wamasiye dzina lawo Abiti Jafali. Anali mayi wamtali, waukhondo wosefa ufa kawiri, wolima yekha chimanga ndi thonje. Tsiku loyamba atandiona ndikukubereka kuti tizipita kuntchito, anandiimitsa n'kundifunsa ngati ndikufuna kuti mwana akule kapena akhale pilo. Anakumasula kumsana kwanga n'kukubereka okha. Kuyambira tsiku limenelo ankakhala nawe, n'kumabwera nawe ku shedi cha m'ma teni ndi masana kuti uyamwe. Sanandipemphepo kanthu. Ndikawagulira sopo ankalandira n'kukuchapira nayo matewera ako omwe.

Bwana wa kumeneko anali a Kaliza, munthu wa zaka zanga zomwe, wochokera ku Ntcheu, wovala tayi ngakhale dzuwa liswe mtengo. Sanali wankhanza. Anali woyamba kwawo kulembedwa ntchito ya cholembera, ndipo foni yawo inkalira kosalekeza, achibale kufunsa izi ndi izo. Sabata yachitatu lole yathu inabwezedwa kufakitale chifukwa mu belo lina la thonje munapezeka mchenga, ndipo akuluakulu anawauza kuti zikachitikanso atule makiyi. M'mawa mwake anaima pa mpando kutsogolo kwa mzere n'kulengeza m'Chichewa, woyeza pa sikelo akumasulira m'Chiyao, kuti aliyense wopezeka ndi madzi kapena mchenga apita kupolisi, za kukayanika zatha. Ine anandipatsa choko chofiira. Thumba lililonse limene ndalipisa ndizililemba chizindikiro changa, ndipo likadzapezeka ndi mchenga kufakitale, ndichoka tsiku lomwelo. Ndinati chabwino bwana. Ndinalibe chifukwa chokanira, dzanja langa ndinkalikhulupirira.

Nyengo yomweyo mwana wamkazi wa Abiti Jafali, Asiyatu, anali pa chitomero ndi mwamuna wobwera kuchokera ku Joni, ndipo ukwati unali mwezi wa Julaye. Mwambo wa yunifomu mumaudziwa, wakuti amayi a mbali imodzi amasankha nsalu imodzi n'kusoketsa onse zofanana kuti pa tsikulo azidziwika kuti awa ndi akuchikazi, awa ndi akuchimuna. Akuchimuna anasankha nsalu ya wakisi yodula. Akuchikazi atamva anati sitingachepe, ndipo mlamu wawo wa Abiti Jafali, dzina lawo Abiti Sumani, amene ana awo awiri anali ku Joni, anasankha ina yoposa pamenepo. Amake mkwatibwi ankayenera kukhala ndi chitenje, bulauzi ndi mpango wakumutu, zonse za nsalu yomweyo. Koma chaka chimenecho mankhwala opopera anafika mochedwa, mbozi zinadya, ndipo munda umene unkawapatsa matumba asanu ndi limodzi unatulutsa awiri okha. Chimanga anali nacho, nkhokwe yodzadza. Zimenezi ndinkaziona tsiku lililonse koma sindinaziike pamodzi.

Tsiku lina m'mawa tili pa mjigo, Abiti Sumani anafunsa pamaso pa amayi onse kuti, "Nanga amake mkwatibwi, telala mwamuona?"

"Tidzamuona."

"Mudzamuona akudutsa pamsewu kapena? Akuchimuna asoketsa kale, mpaka anganga awo osaona aja ali nayo. Kapena inu mudzavala chiguduli cha kampani, poti muli ndi mlendo wa kuthonje pakhomo?"

Amayi onse anaseka. Abiti Jafali anaseka nawo n'kuyankha kuti chiguduli chikhoza kuwakhala bwino kuposa mmene wakisi amawakhalira anthu ena amene chiuno chinasowa kalekale. Anasekanso onse, Abiti Sumani ndi amene anaseka kwambiri. Ine ndinati ndi macheza a pa chilamu. Pobwerera kunyumba, njira yonse ndinkangomva madzi akukhavukira m'ndowa ya Abiti Jafali.

Ngokwe, Lachisanu lina mwezi wa Juni

Lachisanu mzere unkatalika kwambiri chifukwa aliyense ankafuna kuthana nazo nthawi ya mapemphero a Juma ku mzikiti isanakwane. Abiti Jafali anafika cha m'ma teni, wa kabaza atawanyamulira matumba awo awiri, iwe Tadala uli kumsana kwawo ukugona. Kumbuyo kwawo pamzere kunali amayi a m'mudzi mwawo, Abiti Sumani ali pomwepo ndi matumba awo asanu ndi atatu.

Thumba loyamba linali loyera. Ndinalilemba choko. Lachiwiri nditalowetsa mkono m'mbali sindinamve kanthu, pakati sindinamve kanthu, koma potulutsa ndinaona kuti m'zikhadabo mwada. Ndinalowetsanso mpaka pansi n'kufinya. Unali mchenga wa kumtsinje, wosefedwa ndi sefa ya ufa, wowazidwa pang'onopang'ono mwina thonje mwina mchenga, bwinobwino ngati munthu akuthira mchere m'ndiwo. Pa zaka zonse zimene ndagwira ntchito sindinaonenso mchenga woikidwa mosamala chonchija. Wopisa wina akanaulemba choko.

Ndinawerama ngati ndikumanga chingwe n'kuwauza chapansipansi kuti alinyamule thumbali abwerere nalo, tinena kuti chiguduli chang'ambika. Iwo anayang'ana kumbuyo, mzere wonse uja, n'kundiyang'ana ine. Njira yotulukira inali imodzi, yodutsa pamaso pa amayi onsewo, ndipo chiguduli chinali chatsopano, aliyense ankachiona.

"Amake Tadala, dzanja lanu latopa, mwapisa kuyambira m'mawa. Lembani choko."

Apa ndi pamene ndinalakwitsa. Ndinawauza kuti ngati kunyumba kwavuta, ufa ndili nawo, ndiwapatsa madzulo, asadandaule. Ndinanena ndi mtima wabwino, koma nkhope yawo inasintha ngati ndawamenya khofi.

"Wakuuzani ndani kuti ndili ndi njala? Nkhokwe ija simuiona? Mwana wanuyu amadya phala la ndani?"

Mawu awo anakwera pang'ono, ndipo a Kaliza anadzutsa mutu pa tebulo lawo n'kufunsa kuti thumbalo lili bwanji, mzere waima chifukwa chiyani. Ndikanawauza mayi aja china chilichonse osati za ufazo, mwina akanasenza n'kupita mwakachetechete. Tsopano anthu onse anali akuyang'ana.

Zimene ndinaganiza pa kanthawi kameneko ndikuuzani monga zinalili. Ndinaganiza kuti mchengawu ndi wosalala kwambiri, mwina kufakitale sakauona. Ndinaganizanso kuti akauona, choko chili pa thumbapo ndi changa, a Kaliza atula makiyi, ine ndibwerera ku Balaka ndi mwana woyamwa, wina ali pa sukulu, mwamuna kulibe. Ndinakuyang'ana iwe Tadala, tsaya lako lili pa msana wa mayi amene ndinkayenera kuwatchula. Choko chinali m'dzanja langa lamanzere. Sindinalembe.

"Muli mchenga, bwana."

A Kaliza anabwera, anayala chiguduli pansi n'kukhuthula. Atakutumula thonje, mchenga unatsika n'kukhala kamulu kokwana mbale ziwiri kapena zitatu. Ndinaona kuti a Kaliza akutuluka thukuta, ndipo ndikukhulupirira kuti akanakhala awiriwiri akanawamasula, koma lamulo analilengeza okha ali pa mpando, pamaso pa anthu omwewa. Anaimba foni kupolisi. Abiti Jafali sanakane, sanalire, anakhala pa thumba lawo loyera lija n'kumadikira. Apolisi awiri atafika, wamkazi anafunsa ngati mwana ali kumsanayo ndi woyamwa, kuti apite naye limodzi. Ndinati iyayi, mwanayo ndi wanga. Ndinapita kumbuyo kwawo, iwo anamasula mfundo ya chitenje pachifuwa, ine n'kukulandira. Unadzuka n'kuyamba kulira, manja utatambasulira iwo. Anandiuza kuti phala lako lili mu kapu yabuluu pa alumali, ndilitenthetse pang'ono. Anapita ndi apolisi aja wapansi, ine ndinakubereka n'kuitana wotsatira pamzere, amene anali Abiti Sumani. Matumba awo onse asanu ndi atatu anali oyera.

Ngokwe, mwezi wa Julaye

Abiti Jafali anagona m'chitolokosi masiku awiri. Khoti linaona kuti n'koyamba ndipo ndi mayi wamkulu, linagamula kuti m'malo mwa ndende azisesa pa msika wa pa Ngokwe m'mawa uliwonse kwa mwezi wathunthu. Ndiye munthu amene ankaopa kudutsa ndi thumba limodzi pamaso pa amayi makumi awiri ankasesa pamaso pa dera lonse.

Nsalu ija inapezeka tsiku limodzi. Achibale awo atamva kuti ali m'manja mwa apolisi anathamanga okha kukagula, telala anasoka, atatuluka anaipeza ili pa mkeka. Abiti Sumani ankauza aliyense pa mjigo kuti akanangonena, nanga ife tikanalephera bwanji kumuveka mlamu wathu. Ndikukhulupirira kuti ankanena zoona. Koma ndikudziwanso kuti akananena, nkhani ikanakhala yakuti amake mkwatibwi anavekedwa ndi alamu awo, ndipo ikanakambidwa mpaka Asiyatu atabereka ana. Tsiku la ukwati anasesa m'mawa, anakasamba, anavala wakisi wawo n'kuvina ndi anzawo. Anthu amati anawakhala bwino. Ine sindinaitanidwe, ndipo ndinali nditasamukira kale ku kachipinda ka kuseri kwa golosale. Sanandithamangitse, ndinachoka ndekha.

Kwa nthawi yaitali ndinkafuna kupeza wolakwa mmodzi kuti mtima ukhale pansi, koma sindinamupeze. Abiti Jafali anathira mchenga ndi manja awo, zimenezo sizifufutika, ndipo panali amayi ena osowa nsalu yomweyo amene sanathire. Koma ndikayang'ana tonse amene tinali pa shedi tsiku lija, aliyense anali ndi anthu kumbuyo kwake omuyang'ana. A Kaliza anali ndi akuluakulu awo ndi mudzi wawo wa ku Ntcheu. Mayi aja anali ndi mzere wa amayi. Ine ndinali ndi inu awiri. Palibe amene anagona ndi njala dzulo lake. Ndikulemba izi kuti mukadzaona munthu wagwidwa, musadzathamangire kunena kuti ndi mbava yobadwa nayo, komanso musadzachite ngati ine kumupatsa ufa munthu amene vuto lake si ufa. Ndipo mukadzakhala pa gulu losankha nsalu, mudzayambe mwafunsa amene wakhala chete.

M'mudzimo panalibenso mayi wofuna kundisungira mwana. Palibe anandinyoza, ankangoti manja ali ndi ntchito. Ndinayamba kupita nawe ku shedi. Ndinkakugoneka m'katoni kuseri, ukalira n'kukubereka, ndikupisa uli kumsana, fumbi likutikuta tonse. Patatha milungu itatu unayamba kutsokomola, chifuwa chouma chosatulutsa kanthu. Kuchipatala anandipatsa mankhwala n'kundiuza kuti mwana achoke pa fumbi. Ndinalibe komuika.

M'mawa wina ndikudutsa pa msika kupita kuntchito, ndinakumana ndi Abiti Jafali ali ndi tsache, atatsala ndi masiku ochepa kuti atsirize chilango. Ndinafuna kulambalala koma unatsokomola, iwo n'kuimika tsache. Anabwera pafupi, anaika khutu pa msana pako n'kumvetsera, osandiyang'ana ine.

"Mwana uyu si wa kampani. Ndikamaliza kusesa mubwere naye."

Ndinabwera nawe. Anakulandirira pa mpanda, sanandiuze kuti ndilowe, ndipo zinakhala choncho mpaka msika unatsekedwa. M'mawa ndinkakupereka pa mpanda, masana ankatuma Asiyatu kuti abwere nawe kudzayamwa, madzulo ndinkakutenga pa mpanda pomwepo. Chifuwa chinatha. Tsiku lomaliza, katundu wanga ali kale pa lole ya kampani, ndinawagwadira pa mpanda paja n'kuwapempha kuti andikhululukire. Anandiyankha akukukonza chipewa.

"Dzanja lanu silinaname, amake Tadala. Ine ndi amene ndinkaganiza kuti likhoza kunama kamodzi."

Ndinawafunsa ngati chaka chamawa ndikadzabweranso ndidzawapeze. Anati thonje asiya, adzabzala nandolo. Anakupereka m'manja mwanga n'kunditembenuza mapewa kuti akuthandize kukwera kumsana, anamanga okha mfundo, n'kundiuza kuti pa lole pali mphepo, ndikufunditse kumutu.